Mtedza wa Mkulu wa Mpingo

"Mukuwazanso madzi, bambo a Fanny?"

"Ndikudalitsa mtedza," anayankha Bartolomeu osatembenuka. Anali atagwada pa mkeka, chitini cha madzi chili pambali, dzanja likuwaza pa mulu wa mtedza wa m'makoko. "Makoko akafewa zala sizipweteka. Kapena mukufuna ndiswe matumba anayi ndi mano?"

"Enfermeira wa kuchipatala uja anati chiyani za madzi?"

"Ananena zambiri. Mwana uja mawu ali nawo."

Cecília, mkazi wake, anatula lichero pansi mwamphamvu moti nkhuku zinabalalika. Pakhonde panali madengu awiri, monga zimakhalira chaka chilichonse akakolola. M'dengu lalikulu munali mtedza wofiira, wonenepa, wosalala ngati masaya a khanda. Umenewo unali wa Adérito, wogula mbewu wa ku Furancungo, amene ankaupereka kwa anthu outumiza kunja kwa dziko. M'dengu laling'ono munali wofota, wosweka, wakuda m'kati, wina utamera chuku chobiriwira. Umenewo unali wa pakhomo: wosinja nsinjiro, wotendera nkhwani, wokazinga bambo akafuna chotafuna.

"Sabata ziwiri zokha zapitapo," anatero Cecília. "Tinakwera chapa imodzi, kaminibasi kaja, tinakhala pa mpando umodzi, tinamvera munthu mmodzi. Koma zimene munamva inu ndi zimene ndinamva ine, ngati tinapita ku zipatala ziwiri."

"Ine ndinamva bwino lomwe." Bartolomeu anadzuka, napukuta manja pa buluku, nakonza kukhosi monga ankachitira akamapereka zolengeza m'kapela, pakuti anali mkulu wa mpingo. "Anationetsa mapu a dziko lonse lapansi, maiko atawapaka mitundu. Anati dziko lililonse lili ndi khansa imene imalikonda, ndipo nthawi zambiri imatsata zimene anthu ake amadya. Azungu a ku Ulaya ndi ku Amereka, ya m'matumbo, chifukwa cha masoseji aja amati shoriso ndi nyama za m'zitini. A ku Japani, ya m'chifu, chifukwa chokonda zamchere. N'chifukwa chake ndalamula kuti shoriso asadzalowe m'nyumba muno."

"Shoriso munamuonapo liti inu?"

"Pa ukwati wina ku Tete. Sanandigawire, koma fungo ndinalimva. Ndinadziwiratu kuti si chinthu cha mtendere."

"Nanga dziko lathu pa mapu paja linali lotani?"

"Lalitali. Lotambalala pang'ono kumtunda kuno."

"Mtundu wake, bambo a Fanny."

"Maso angawa masiku ano mitundu sakuiona bwino."

"Linali lofiira psu!" anatero Cecília. "Enfermeira Yolanda anaikapo chala, n'kunena kuti kwathu kuno khansa ya chiwindi yatha amuna ambiri. Anati chuku cha mu mtedza ndi m'chimanga chili ndi chiphe chimene ngakhale moto suchipha. Kenako anakuyang'anani inuyo m'maso, n'kunena kuti m'magazi mwanu apezamo kachilombo ka chiwindi, komwe kaja kanali mwa a Clemente. Anati kachilomboko ndi chuku zikakumana m'chiwindi chimodzi zimagwirana manja. Zimenezonso makutu anu sanamve bwino?"

Dzina la Clemente litatchulidwa, dzanja la Bartolomeu, amene anali atagwadanso pa mkeka, linaima m'chitini. Clemente anali mng'ono wake. Anamuika m'manda chimanga chisanaume m'munda, mimba itatupa ngati ng'oma, maso atasanduka achikasu.

"Clemente ankamwa kachasu," anatero pang'onopang'ono. "Ine chibatizidwire pakamwa pano sipanadutse dontho. Ku Malawi nthawi ya nkhondo tinkadya zoipa kuposa izi, ndipo tinabwerako ndi miyendo yathu. Chakudya cha kumudzi sichipha munthu, mayi a Fanny. Chopha n'cha m'zitini."

"Ndisiyireni thumba limodzi la wabwinowo. Limodzi lokha."

"Wabwino ngwa msika. Munamuonapo mlimi akudya mtedza wa msika? Anthu onse a kuno ku Chidzolomondo angatiseke."

Atatero anapitiriza kudalitsa mtedza wake, akung'ung'udza nyimbo ya m'kapela, ndipo Cecília anatola lichero lake. Zaka makumi atatu anakhala ndi mwamuna ameneyu. Ankadziwa kuti akayamba kuimba, khomo la makutu latsekedwa.

Lachinayi Adérito anafika pa mota yake ya mawilo awiri, balansa yoyezera mbewu atamangirira kumbuyo. Anali munthu wa nsapato zowala ngakhale atayenda pa msewu wafumbi. Anayala lona pabwalo, nakhuthulirapo matumba, nayamba kusankha ndi zala ziwiri ngati akutola nsabwe.

"Titio, uwu ayi. Uwunso ayi. Epa, uwu wachita chinyontho. Munawaza madzi eti?"

"Mame," anatero Bartolomeu. "Mame a m'mawa."

"Mame a kwanu kuno amagwa ndi chitini."

Kamulu ka wokanidwa kanayamba kukula pambali pa lona. Cecília anakhala pansi chapafupi, miyendo atatambasula, nkhope ili yofatsa ngati ya munthu wosadziwa kanthu.

"Mwana wanga, tandiuze. Anthu amene amadya mtedzawu kutsidya la nyanja ndi otani, osafuna ngakhale kanjere kamodzi kakuda?"

"Titia, kumeneko ali ndi makina. Amatapa pang'ono m'thumba, n'kupera, n'kuyeza. Akapezamo chiphe cha chuku, pronto, katundu yense amabwerera. Ngakhale ng'ombe zawo sazipatsa. Akuti chimalowa mu mkaka."

"Ng'ombe?"

"Ng'ombe, titia."

Cecília anayang'ana mwamuna wake. Bartolomeu anali akuyang'anitsitsa balansa ngati aka n'koyamba kuona chitsulo chokhala ndi mbedza.

Mayiyo anadzuka, natapa pa kamulu kaja ndi manja awiri, Adérito akuona, nalowa nawo kophikira. Posakhalitsa chiwaya chinayamba kulira. Anatuluka ndi mbale ya alendo, ija ya maluwa m'mphepete, nagwada bwinobwino.

"Simungachoke pakamwa pali pouma. Tafunani, mwana wanga. Ndathira kamchere."

Adérito anayang'ana m'mbalemo ndipo anazindikira njere iliyonse imene anaikana.

"Titia, dzino. Landivuta kuyambira Lolemba."

"Tafunirani mbali inayo."

"Mbali zonse ziwiri, titia."

"Ndikusinjireni ndiye, muzingomeza."

"Komanso lero ndikusala kudya. Za kumpingo."

"Iwe unayamba liti kupemphera?" anafunsa Bartolomeu.

"Posachedwapa, titio. Posachedwapa kwambiri."

Bartolomeu anakoka mbale ija, natapa dzanja lodzaza, naponya m'kamwa. Njere ina inali yowawa moti diso lake limodzi linatsinzina lokha, koma anameza, natapanso.

"Wowawawu ndiye mankhwala," anatero. "Ana a masiku ano mimba zanu n'zapepala."

Adérito anamangirira matumba awiri pa mota, nanena kuti awiri otsalawo adzawatenga Lolemba, tsiku la masika likadutsa. Fumbi la mota lisanathe, Bartolomeu anali atalowetsa kale matumbawo m'kachipinda, natseka ndi kadiyado, mfungulo naumangirira pa chingwe m'khosi mwake.

M'masiku otsatirawo Cecília anayesa zonse zimene mkazi angayese popanda kuswa chitseko. Anaphika nkhwani wosatendera. Bartolomeu anati ndiwo zamaliseche sadya, nakasinja yekha nsinjiro, akazi a pamudzi akusuzumira kuti aone mkulu wa mpingo ali pa mtondo. Cecília anabisa chiwaya. Bartolomeu anakazingira pa khasu. Tsiku lina Cecília anakakhuthula dengu lonse la wofota uja kudzala. Bartolomeu anatola njere imodziimodzi, akulalikira nkhuku za tchimo lotaya mphatso za Mulungu.

M'mawa uliwonse Cecília ankamuimitsa pakhomo. "Taimani, muli kachitsotso m'diso." Ankamukoka chikope, n'kuyang'ana choyera cha diso ngati chayamba chikasu, kenako n'kuuziramo. Bartolomeu ankadabwa kuti zitsotso zachuluka bwanji chaka chino. Mkazi wake ankangothokoza Ambuye chamumtima kuti lero diso likadali loyera, n'kupempha kuti mawanso likhale choncho.

Lachisanu anapita kwa Cacilda, mkazi wa malemu Clemente. Anamupeza pakhonde, mpango wakuda uli kumutu, akusankha mtedza njere imodziimodzi, iliyonse n'kuitembenuza kawiri.

"Ngwa Adérito umenewu?"

"Adérito ndani? Adérito ali ndi chifundo. Uwu ngwa masika, ukadutsa m'manja mwa amuna anu."

Ku kapela yawo kunali mwambo umene Bartolomeu ankausunga ngati lamulo lakhumi ndi chimodzi. Pa Lamulungu la masika banja lililonse linkabweretsa dengu la zokolola kudzathokoza Mulungu, ndipo iye ankaima pa tebulo lakutsogolo, dzanja la malaya atalipinda mpaka m'chigongono. Dengu lililonse ankalipisa dzanja mpaka pansi, chifukwa ankati anthu amakonda kuyala zabwino pamwamba. Akakhutira ankati, "Zalandiridwa," mpingo n'kuvomera, "Amen." Akapeza zowola, mwini dengu ankabwerera nalo kwawo, anthu onse akuona.

"Chaka chatha anandibwezera langa chifukwa cha njere zisanu," anatero Cacilda. "Zisanu! Akuti Ambuye sadya zotsala. Ndinayenda nalo pamutu msewu wonse, ana akundiloza." Anatembenuza njere ina, naiponya m'kambale ka pambali. "Zakudazo ndinazisinja madzulo ake. Ndinatendera ndiwo za bambo akuno. Anadya, n'kunena kuti zakoma."

Cecília anayang'ana kambale ka pambali kaja. Kanali katadzaza kale theka.

"Nanga wakudawu mukusungira yani?"

"Nanga n'kutaya?" Cacilda anadabwa. "Ndani amataya?"

"Za masika chaka chino zipita kuti?"

"Ku phala la ana a eskolinya, sukulu ya mkaka ija. Amuna anu omwewo ndi amene analengeza. Ine ndili m'gulu losinja."

Mapewa a Cecília anayamba kugwedezeka, ndipo anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Mwaseka chiyani?"

"Palibe. Ndangokumbuka kuti dengu la kwathu ndimasenza ndine."

Pobwerera anapemphera njira yonse. Anauza Ambuye mosabisa zimene ankafuna kuchita m'nyumba yawo yopatulika, napempha kuti amukhululukire zisanachitike, popeza zikachitika mwina sadzamva chisoni chokwanira. Anawakumbutsanso kuti ngakhale m'Malemba muli akazi amene anapulumutsa mabanja awo ndi njira zokhotakhota, ndipo sanamvepo kuti anakanizidwa kulowa kumwamba.

Loweruka Bartolomeu anatsegula kachipinda, nasankha yekha dengu la masika. Njere iliyonse inali ngati yopaka mafuta. Anavundikira ndi nsalu yoyera, namanga ndi luzi, nauza mkazi wake kuti asakhudze. Lamulungu m'mawa anavala jekete lake lakuda, natsogola kukatsegula kapela. Cecília anadikira mpaka atazimiririka kuseri kwa chigafa cha fodya. Kenako anamasula luzi lija.

Kapela inadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Abusa anali atabwera pa mota kuchokera ku Furancungo, ndipo anakhala pambali pa tebulo akupukuta magalasi. Kutsogolo pa mikeka panali ana a eskolinya, miyendo yotuwa atatambasula. Amayi analowa pa mzere, madengu ali pamutu, akuvina pang'onopang'ono ndi nyimbo yothokoza Mwini mvula ndi nthaka. Chimanga, nyemba, mbatatesi, mtedza. Bartolomeu ankapisa dzanja, n'kuvundula, n'kununkhiza.

"Zalandiridwa."

"Amen!"

La Cacilda analivundula kawiri. Zinalandiridwa. Mayiyo anapuma mpweya wautali, nakaima kuseri kwa tebulo pamodzi ndi anzake olandira madengu.

Cecília anali womaliza. Anavina bwino kuposa zaka zonse, natula dengu, nagwada. Bartolomeu anakweza dzanja kuti nyimbo ithe.

"Abale ndi alongo," anatero, "sindikudzitama, pakuti kudzitama n'tchimo. Koma n'kwabwino kuti ana athu aone mmene banja la mkulu wa mpingo limaperekera kwa Ambuye."

Anamasula luzi, nachotsa nsalu ndi dzanja limodzi.

Fungo ndi limene linayamba kufika. Abusa anavalanso magalasi. M'dengumo munali mtedza wofota, wosweka, wakuda, wina wobiriwira, wina uli ndi timadothi ta kudzala.

"Mayi a Fanny," ananong'ona Bartolomeu, milomo yokha ikuyenda, "ichi n'chiyani?"

"Mtedza wathu," anayankha Cecília, osanong'ona ngakhale pang'ono. Anatembenukira kwa abusa, akadali chigwadire, manja ataika pamodzi mwaulemu. "Abusa, ndabweretsa umene timadya kwathu. Bambo akunyumba amati ngwabwino zedi, ndipo wowawawo ndi mankhwala. Ndiye ine ndinaganiza kuti zaka zonsezi takhala tikuwamana Ambuye chinthu chabwino chonchi. Chaka chino nawonso alaweko."

Kumbuyo wina anatsamwa. Kenako mbali ya amayi inaphulika ndi phwete, ena akubisa nkhope m'zitenje, ena akumenyana pamapewa. Madoda anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

Bartolomeu anaima ngati chitsa. Cecília anaona maso ake akuyendayenda, ndipo anadziwa zimene ankaganiza. Njira yothawira inalipo. Akanangoseka nawo, n'kuvundikira nsalu, n'kunena liwu lake lija, nkhani ikanathera pomwepo, anthu n'kumati mayi a Fanny ndi anthabwala. Ndipo anatoladi nsaluyo.

Cacilda anatambasula manja awiri pamwamba pa tebulo.

"Ndilandire, alamu? Mawa m'mawa tisinja. Ana amwa phala lake Lachiwiri."

Bartolomeu anayang'ana manja a mlamu wake. Kenako anayang'ana pa mikeka, pamene timaso tambirimbiri tinali kumuyang'ana, kamtsikana kena kakuyamwa chala. Anagwira dengu lija m'mphepete, nalikokera kwa iye.

"Ayi."

"Ayi bwanji, alamu?"

"Ana asadye izi."

"Chifukwa chiyani, akulu a mpingo?" anafunsa abusa mofatsa. "Nenani mokweza, a m'mawindo amve nawo."

"Muli chuku."

"Chuku timachidziwa tonse. Chimatani?"

Mawu a Bartolomeu atatuluka, sanali mawu ake a zolengeza aja. Anali aang'ono, osasa.

"Chimadya chiwindi. Chili ndi chiphe chimene chimabweretsa khansa, imene kuchipatala amati kankro. Kukazinga sikuchipha, kuphika sikuchipha. Mwana akamadya amapinimbira. Kuchipatala anationetsa mapu a maiko onse. Ena amafa ndi zimene amagula m'masitolo. Ife timafa ndi zimene timasiya tikagulitsa zabwino." Anaima pang'ono, napitiriza osayang'ana munthu. "Anati mtedza tiziumitsa mpaka uzilira m'makoko, osauyanika padothi. Anati tisamawaze madzi poswa. Thumba lisagone pansi, likhale pa mitengo. Wakuda ndi wofota tizikwirira."

Cecília anatsegula pakamwa. Za thumba kukhala pa mitengo iye anali ataziiwala.

Kuseka konse kunali kutatha. Cacilda anali chiimire, misozi ikutsika yokha, manja akadali otambasula. Amayi ena anayang'ana pansi, chifukwa panalibe nyumba m'kapelamo imene inalibe kadengu kotere kuseri kwa chitseko.

"Nanga tizidya chiyani?" anafunsa bambo wina kumbuyo.

"Umene mumakweza pa mota, a Tito!" anayankha mkazi wake kumbali ya amayi, ndipo phwete linabwereranso, koma la mtundu wina.

Abusa anaimirira. "Ulaliki umene ndinakonza ndiusunga ulendo wina," anatero. "Wa lero mwaumva. Koma mwambo ndi mwambo, akulu a mpingo. Dengu lokanidwa limatani?"

"Limabwerera ndi mwini wake," anayankha Bartolomeu.

Cecília anatambasula manja kuti asenze, koma mwamuna wake analinyamula yekha, naliika paphewa la jekete lakuda lija.

Anayenda njira yonse ya m'minda ya fodya, iye patsogolo, mkazi wake pambuyo. Anthu amene ankawadutsa ankapereka moni mwaulemu wopitirira muyeso, n'kukasekera patsogolo. Atafika pa kamtsinje, Bartolomeu anatula dengu pamwala.

"Mwandichititsa manyazi."

"Eya."

"Pamaso pa abusa. Pamaso pa Tito, munthu woti sadziwa n'komwe pemphero la chakudya."

"Eya. Kwa Ambuye ndapepesa kale. Kwa inu ndidzapepesa mukadzameta imvi zonse, mano atatha, mukuvutitsa adzukulu."

Bartolomeu anakhala pamwalapo, nayang'ana manja ake.

"Ndinamva zonse tsiku lija," anatero. "Liwu lililonse. Clemente ndinamusambitsa ndi manja awa, mayi a Fanny. Mimba ija ndinaiona. Mwana uja atanena za kachilombo, ndinaona ngati ndagona ndine pa mphasa paja. Ndiye ndinati ndikavomera za chuku, ndavomera kuti zaka zonsezi ndakhala ndikudya imfa ndi dzanja langa, n'kumadyetsanso inu ndi Fanny. Shoriso anali wosavuta kumuopa. Ali kutali."

Cecília anakhala pambali pake. Ankafuna kunena zambiri zimene anazisunga sabata zitatu, koma zonse zinasungunuka.

"Zimene tinadya kale sitingazilavule," anatero. "Koma enfermeira sananene kuti mwadwala. Anati mudzisamale, ndipo mubwerenso akakuyezeni mwezi ukatha. Mupita?"

"Chapa ija imagwedeza kwambiri."

"Mupita?"

"Ndipita."

Kenako Bartolomeu analoza dengu ndi chibwano.

"Komabe dengu lonseli. Bwanji tipatse nkhumba?"

"Nkhumbayo pa Natal, tsiku lobadwa Ambuye, adzadya ndani?"

"Nkhuku?"

"Mazira amadya ndani?"

"Aja ophika kachasu amagula chilichonse."

"Bambo a Fanny! Lero lomwe, jekete la mpingo lili pathupi?"

"Ndimangoyesa chikhulupiriro chanu."

Atafika kunyumba anavula jekete, natenga khasu, nakumba dzenje kuseri kwa nkhokwe, ngakhale linali tsiku la Ambuye. Anati ng'ombe ikagwa m'chitsime pa Sabata imatulutsidwa, ndiye mtedza ukhozanso kulowetsedwa m'dzenje. Anakhuthuliramo dengu lonse, nakwirira, napondaponda. Kenako anavula chingwe cha m'khosi, natsegula kachipinda, nakokera kunja thumba limodzi. Anadula mitengo iwiri, naigoneka pansi pafupi ndi pophikira, naikapo thumbalo.

"Adérito mawa apeza limodzi," anatero. "Akafunsa, mumuuze kuti linalo lagulidwa ndi munthu wamkulu."

Cecília anatulutsa mtedza wa masika uja mumtsuko mmene anaubisa. Theka anapungulira m'dengu loti Cacilda akasinjire ana, ndipo pa wotsalawo anatapa manja awiri. Chiwaya chinapezeka mwadzidzidzi pamene chinasowera. Anakazinga pamoto wochepa, nawaza madzi amchere, nathira m'mbale ya maluwa ija, nakagwada pakhonde pamene mwamuna wake anakhala akupukuta thukuta.

Bartolomeu anatola njere imodzi. Anaitembenuza, naifikisa khungu, naiyang'ana mmene inayerera m'kati. Anali atalima mtedza chibwerere ku Malawi, koma wotere ankangoudziwa ndi maso ndi zala. Anauika m'kamwa mosamala, diso limodzi litakonzeka kutsinzina.

Silinatsinzine. Anatafuna. Anatola ziwiri. Anatafuna nthawi yaitali, akuyang'ana kumapiri.

"Mayi a Fanny."

"Wawa."

"Mwathiramo shuga?"

"Mchere wokha."

Anatapa dzanja lodzaza.

"Ndiye kuti zaka zonsezi, anthu a kutsidya la nyanja aja amadya chonchi?"

"Chaka ndi chaka."

Bartolomeu anapukusa mutu, masaya atatupa.

"Ndipo palibe ngakhale mmodzi analembako kalata yothokoza," anatero, akukokera mbale pafupi. "Thumba lotsala lija musafulumire kumupatsa Adérito. Ndiyambe ndapemphera kaye."